Ulendo wa pandege wopita kutali: maola a patikiti si maola a ulendo

Ndine namwino, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuperekeza mabanja amene avomerezedwa kukakhala kudziko lina, makamaka pakakhala wodwala, wokalamba kapena khanda. Funso limene ndimafunsidwa kwambiri kuno ku Dzaleka tsiku lonyamuka likamayandikira ndi lakuti, "Anesi, ndegeyo imayenda nthawi yaitali bwanji?" Ambiri amafunsa atawerengera kale okha kuchokera patikiti, ndipo nthawi zambiri yankho lawo limakhala loperewera.

Ndinaona kuipa kwake paulendo wina wa mwezi wa July, pamene ndinaperekeza banja la anthu asanu lopita ku Winnipeg, m'dziko la Canada. Panali agogo aakazi odwala shuga, mwana wawo wamkazi, ndi adzukulu atatu, wamng'ono ali ndi miyezi 8. Mdzukulu wamkulu, mnyamata wa sekondale, ndiye anagwira matikiti. Pa ndege yaikulu panalembedwa kuti inyamuka ku Addis Ababa 23:00 ndipo ifika ku Toronto 08:00. Iye anawerenga ndi zala n'kupeza maola 9. Mayi ake anatenga matewera okwanira maola 9, ena onse n'kuika m'sutikesi. Achibale otsala kukampu anauzidwa kuti ayembekezere foni 8 koloko m'mawa. Koma ndegeyo inatenga maola 16. Mnyamatayo sanalakwitse masamu. Cholakwa chinali changa, chifukwa sindinakhale nawo pansi kuti tiwerengere limodzi tisananyamuke. N'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi, kuti amene mudzayende komanso amene mudzatsale mudziwiretu.

Kutalika kwake

Tiyambe ndi mtunda umene ambiri timaudziwa. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pamsewu ndi makilomita pafupifupi 310, ndipo basi imatenga maola anayi kapena asanu. Ndege yaikulu ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, choncho mtunda womwewo imaumaliza m'mphindi 20 zokha. Imauluka makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, kuposa katatu kutalika kwa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, imene ndi mamita 3,002.

Ngakhale ndi liwiro lotere, mayiko amene anthu athu amapitako ali kutali moti ndege imachezera. Kuchoka pabwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi, kukafika ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola anayi. Ku Nairobi ndi makilomita opitirira pang'ono 1,400, ndipo ku Johannesburg ndi pafupifupi 1,500. Maulendo awiriwa amatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperapo. Amenewa ndi maulendo oyambirira chabe. Kuchoka ku Addis Ababa kupita ku Toronto ndi makilomita pafupifupi 11,500, ndipo kupita ku Washington mtunda wake ndi wofanana ndi umenewu. Banja limene ndinaliperekeza linakweranso ndege yachitatu kuchoka ku Toronto kupita ku Winnipeg, makilomita ena 1,500.

Tikaphatikiza zonse, banjali linayenda makilomita pafupifupi 15,600. Kumeneko kuli ngati kuyenda kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ka 50 mosalekeza. Dziko lonse lapansi ukalizungulira pakati penipeni ndi makilomita 40,075, ndiye kuti iwo anadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda umenewu, n'kupitirirapo.

Chifukwa chiyani ndege siingolunjika

Palibe ndege yonyamula anthu imene imachoka m'Malawi muno kulunjika ku America, ku Ulaya kapena ku Australia. Aliyense amayamba wapita kubwalo lalikulu monga Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kumene amatsika n'kudikira ndege ina. Zili ngati kuchoka ku Dowa kupita ku Zomba: umayamba wafika padepoti ya ku Lilongwe n'kusintha galimoto. Kudikirako kumatha kukhala maola awiri, maola asanu ndi atatu, nthawi zina usiku wonse.

Chachiwiri, ndege zina zimaima panjira kuti zimwetse mafuta. Bwalo la Bole ku Addis Ababa lili pamtunda kwambiri, mamita opitirira 2,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, ndipo ndege yodzaza anthu, katundu ndi mafuta a ulendo wonse imavutika kunyamuka. Choncho ndege zopita ku Canada ndi ku America zakhala zikunyamuka ndi mafuta ocheperako n'kukawonjezera ku Ulaya, zaka zina ku Dublin, zaka zina ku Rome. Pamenepa anthu satsika. Mumakhala pamipando yanu pafupifupi ola limodzi, kenako ulendo umapitirira. Agogo aja ataona ndege yatera anayamba kumanga chitenje, akuti tafika. Ndinawauza kuti, "Agogo, khalani pansi, kwatsala kutali kuposa kumene tachoka." Anandiyang'ana osakhulupirira.

Chachitatu ndi mphepo. M'mwamba mmene ndege zimauluka muli mphepo yamphamvu imene imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, nthawi zina pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Ndege yopita kumadzulo imalimbana nayo, pamene yopita kum'mawa imakankhidwa nayo. Wokwera njinga amadziwa kusiyana kwake. N'chifukwa chake ulendo wobwerera kuchoka ku Toronto kupita ku Addis Ababa umatenga maola 13 kapena 14 osaima paliponse, pamene wopita umafika maola 16. Musadabwe ngati m'bale wanu amene anadutsa njira ina akukuuzani maola osiyana ndi anu.

Mukakhala m'ndege mudzaona mapu pa kakanema kamene kali kumbuyo kwa mpando wa patsogolo panu. Njira ya ndegeyo imaoneka yokhota, ngati ikuzungulira kudzera kumpoto kwa Ulaya m'malo molunjika. Woyendetsa sanasochere. Dziko ndi lobulungira ngati lalanje, pamene mapu ndi afulati. Tengani lalanje, ikani madontho awiri motalikirana, kokani ulusi pakati pawo. Mudzaona kuti ulusiwo wadutsa chakumtunda kwa lalanjelo, ndipo imeneyo ndiyo njira yachidule. Kupatula apo, ndege zimalambalala mayiko amene muli nkhondo, ndipo zimenezi zimawonjezera nthawi.

Nthawi za patikiti

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nthawi iliyonse yolembedwa patikiti ndi nthawi ya kumalo kumene kwatchulidwako. Yonyamukira ndi ya mzinda umene mukuchoka, yofikira ndi ya mzinda umene mukupita. Si nthawi ya ku Malawi.

Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, choncho dzuwa silituluka nthawi imodzi paliponse. Akum'mawa amaliona msanga, akumadzulo mochedwa. Ku Addis Ababa ndi ku Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ku Johannesburg, ku Lusaka, ku Harare, ku Bujumbura, ku Kigali ndi ku Goma nthawi ndi yofanana ndi yathu. Ku Toronto ndi ku Washington ali m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kuyambira pakati pa March mpaka kumayambiriro kwa November, ndipo miyezi inayo ali m'mbuyo ndi maola 7, chifukwa kumeneko amasintha mawotchi kawiri pachaka. Ku Winnipeg ali m'mbuyo ndi ola linanso kuposa ku Toronto.

Tsopano tiwerengere tikiti ya mnyamata uja. Ndege inanyamuka ku Addis Ababa 23:00, pamene kuno inali 22:00. Inafika ku Toronto 08:00, pamene kuno inali 14:00, kutanthauza 2 koloko masana. Kuchoka 10 koloko usiku kufika 2 koloko masana mawa lake ndi maola 16. Maola 7 amene sanaoneke aja anabisala m'kusiyana kwa mawotchi a mizinda iwiriyi.

Lamulo lake ndi losavuta. Sinthani nthawi zonse ziwiri zikhale za ku Malawi, kenako werengani. Mukamapita kumadzulo, ulendo ndi wautali kuposa mmene tikiti ikuonetsera. Mukamapita kum'mawa, ndi waufupi kuposa mmene ikuonetsera. Ndege yathu yoyamba inanyamuka ku Lumbadzi 14:30 n'kufika ku Addis Ababa 19:30. Papepala ndi maola 5, koma tinauluka maola 4 okha.

Opita ku Australia ndiye amaona zimenezi kwambiri. Kuchoka ku Johannesburg kupita ku Perth ndi makilomita pafupifupi 8,300, maola 9 kapena 10, ndipo ku Perth ali patsogolo pathu ndi maola 6. Kupita ku Sydney ndi makilomita 11,000, pafupifupi maola 12, ndipo kumeneko ali patsogolo ndi maola 8 kapena 9 malinga ndi mwezi. Tikiti ya ku Sydney imaoneka ngati mukhala m'ndege maola 20 kapena kuposa, koma si choncho. Usiku wake ndi umene umafupika.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimasokoneza. Choyamba, matikiti amawerenga maola kufika 24. Nambala ikapitirira 12, chotsanipo 12: 14:30 ndi hafu pasiti 2 masana, 23:00 ndi 11 koloko usiku. Ikalembedwa 02:00 ndi 2 koloko usiku, osati masana. Mukaona +1 pafupi ndi nthawi yofikira, ndiye kuti mufika tsiku lotsatira. Chachiwiri chikukhudza ambiri a inu amene kunyumba mumayankhula Chiswahili. Pa kawerengedwe ka Chiswahili maola amayambira dzuwa likatuluka, moti 8 koloko m'mawa ndi saa mbili. Munthu akaona 08:00 n'kuiwerenga kuti saa nane, waphonya ndi maola 6. Anthu a ku Ethiopia nawonso amawerenga nthawi mofanana ndi mmenemu akakhala kwawo, koma pabwalo la ndege ndi patikiti nthawi yake ndi ya pawotchi. Mukamafunsa munthu nthawi, muonetseni tikitiyo ndipo aloze nambala yake.

Kuchoka pakhomo kukafika pakhomo

Ngakhale mutawerenga bwino maola a m'ndege, amenewo ndi theka chabe la ulendo. Nawu ulendo wa banja lija wonse, m'nthawi ya ku Malawi. Ndalemba maola athunthu kuti kuwerengera kusavute.

Lachiwiri 8 koloko m'mawa: kunyamuka ku Dzaleka. Msewu wa ku Lumbadzi sutenga ola, koma pabwalo la ndege pamafunika kufika maola atatu ndege isananyamuke, ndipo gulu likakhala lalikulu kuyeza katundu ndi kuona zikalata kumachedwa.

Lachiwiri hafu pasiti 2 masana: ndege yoyamba, maola 4.

Lachiwiri hafu pasiti 6 madzulo: kufika ku Addis Ababa, kusechedwanso, kudikira maola atatu ndi theka.

Lachiwiri 10 koloko usiku: ndege yachiwiri, maola 16 kuphatikizapo ola lomwetsa mafuta.

Lachitatu 2 koloko masana: kufika ku Toronto. Kuofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko tinatha maola anayi, chifukwa wofika koyamba kudzakhala amafunsidwa mafunso ndi kusainitsidwa zikalata zambiri kuposa mlendo wamba.

Lachitatu 9 koloko usiku: ndege yachitatu, maola awiri ndi theka.

Lachinayi 1 koloko usiku: kulowa m'nyumba ku Winnipeg. Kumeneko linali likadali Lachitatu, 6 koloko madzulo, dzuwa lili phwee.

Onse pamodzi ndi maola 41, ndipo m'mwamba tinakhalamo maola 21 ndi theka okha. Ulendo wanu udzasiyana ndi uwu, koma mukamakonzekera, ganizirani masiku awiri athunthu.

Chikwama cha m'manja

Sutikesi yanu mukaipereka ku Lumbadzi imalowa kunsi kwa ndege, ndipo simudzaigwiranso mpaka kutsidya kwa nyanja. Nthawi zina imatsalira panjira n'kufika patapita masiku. Choncho chilichonse chimene simungakhale masiku awiri kapena atatu popanda icho chikhale m'chikwama cha m'manja.

Mankhwala onse, a shuga, a BP, a khunyu, a TB, ma ARV, akhale nanu, m'mabotolo kapena m'mapaketi awo, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Khanda mulitengere matewera a masiku awiri, zovala zosinthira zingapo ndi mkaka ngati siliyamwa. Matewera a khanda lija anatha tisanawoloke nyanja ya Atlantic, ndipo mayi ake anang'amba chitenje chatsopano chimene anasungira tsiku lofika. Tengani juzi, chifukwa m'ndege mumazizira usiku, komanso nyengo za kumpoto ndi zosemphana ndi zathu. Kuno kukamazizira mu July, ku Canada kumatentha. Kuno kukamagwa mvula mu January, ku Winnipeg kumazizira kufika madigiri 20 kunsi kwa ziro.

Zamadzimadzi monga mafuta odzola zimaloledwa m'chikwama cha m'manja ngati botolo lake silipitirira mamililita 100. Mankhwala ndi mkaka wa mwana amaloledwa kupitirira apo, koma muwaonetse posechedwa. Mpeni, lezala ndi sizasi zipite m'sutikesi. Pawa banki ikhale m'manja, osati m'sutikesi. Jumbo ya zikalata imene a IOM amapereka musaitule pansi paliponse, ngakhale popita kuchimbudzi, chifukwa ndi imene okulandirani pabwalo lililonse amakuzindikirirani.

Za nthawi yomwera mankhwala, njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi iyi. Wotchi imodzi ya pamkono ikhalebe pa nthawi ya ku Malawi mpaka mutafika, ndipo muzimwa mankhwala motsatira iyo. Musadalire foni, chifukwa ikagwira netiweki ya dziko lina imasintha nthawi yokha osakuuzani. Musadalirenso dzuwa. Paulendo wathu m'bandakucha unatenga maola, chifukwa ndege inkathawa kumene dzuwa linkatulukira. Agogo aja anazolowera kumwa mankhwala kukacha, ndipo akanadikira kuti kuyere akanachedwa. Amene mumabaya jakisoni wa shuga, kambiranani ndi achipatala musananyamuke kuti akulembereni nthawi zobayira ndi zodyera.

Thupi paulendo

Chakudya ndi zakumwa za m'ndege zazitalizi n'zolipiridwa kale. Palibe amene adzakufunseni ndalama. Ndaonapo bambo wina akukana chakudya katatu poopa kuti alibe cholipirira. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, choncho imwani madzi pafupipafupi, ndipo musaleke kumwa poopa chimbudzi. Zimbudzi zilimo, ndipo ogwira ntchito m'ndege adzakuonetsani kagwiritsidwe kake mukawafunsa. Paja safunsa anadya phula.

Kukhala malo amodzi maola ambiri kumatupitsa miyendo, ndipo kwa ena magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'katumba, makamaka okalamba, amayi oyembekezera ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa. Chizindikiro cha lamba chikazima, imirirani ndi kuyendayenda pang'ono maola awiri alionse. Mukakhala pansi, muzigwedeza mapazi. Ngati katumba mmodzi watupa ndi kupweteka, kapena mukubanika, nenani msanga, ngakhale patapita masiku mutafika.

Ndege ikamakwera ndi kutsika makutu amatseka. Mezani malovu kapena yasamulani, ndipo khanda muliyamwitse nthawi imeneyo. Ndege ikagwedezeka m'mwamba, ndi mphepo chabe, ngati minibasi pamsewu wa mabampu. Mangani lamba n'kukhala pansi.

Mukafika, thupi limakhalabe pa nthawi ya kuno. Tulo timabwera masana, usiku maso ali gwa, njala imabwera pakati pa usiku, ana amavuta. Si matenda ndipo si zamatsenga. Zimatha pakapita masiku angapo, kwa ambiri sabata imodzi. Kutuluka panja masana ndi kudya pa nthawi ya kumeneko kumathandiza.

Kwa inu otsala

Lachitatu lija, achibale a banja lija anakhala pafupi ndi foni kuyambira 8 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo ife tinali pamwamba pa nyanja, kutatsala maola 6 kuti titere. Dzuwa litafika paliwombo mphekesera inali itazungulira kale kuti anthuwo awabweza panjira, ndipo mchemwali wa agogo aja anagona ndi njala. Uthenga woyamba unafika Lachinayi m'mamawa. Palibe chimene chinalakwika paulendo wonse. Anthu anavutika mtima tsiku lathunthu chifukwa cha nambala imodzi imene inawerengedwa ndi wotchi ya kuno.

Choncho muzikumbukira kuti m'ndege foni siigwira, layini ya kuno kawirikawiri siigwira ntchito kunja, ndipo munthu akatera amakhala pamzere maola angapo asanapeze intaneti. Mupatseni masiku awiri athunthu musanayambe kuda nkhawa. Mukafuna kumuimbira pambuyo pake, werengani nthawi ya kumeneko. Kuno ikakhala 7 koloko m'mawa, ku Toronto ndi 1 koloko usiku kapena pakati pa usiku penipeni.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mukuwerenga simunaitanidwe, ndipo mwayi wokakhala kudziko lachitatu umafikira anthu ochepa kwambiri. Nkhaniyi si chizindikiro chakuti maulendo awonjezeka, ndipo palibe amene ayenera kukulipiritsani kuti akuikeni pamndandanda. Koma pafupifupi aliyense kuno ali ndi m'bale kapena mnansi amene anapita kapena adzapita. Amene tsiku lanu ladziwika, tikiti ikangofika m'manja mwanu, bwerani nayo pamodzi ndi buku la kuchipatala pa maphunziro okonzekera ulendo. Tidzalemba nthawi iliyonse m'nthawi ya ku Malawi pamapepala awiri, lina mutenge, lina musiyire otsala.